Mphasa Pansi pa Malata

Agogo anali ndi chifuwa cha nyengo yozizira. Chimanga chikangouma m'munda, mphepo ya mwera n'kuyamba kuwomba, ankayamba kutsokomola, ndipo sankasiya mpaka kunja kutafundanso. Ndi iwo amene anandilera kuchokera pamene mayi anatsatira bambo kumanda, ine ndisanayambe sukulu. Tinkakhala awiriwiri m'mudzi wina kuseri kwa Jenda, kufupi ndi malire a Kasungu, m'nyumba ya dothi yofolera udzu.

Ankhazi, mlongo wawo wa malemu bambo, anakwatiwa ku Manyamula. Chaka chilichonse ankabwera ndi mawu omwewo, akuti amama asamuke akakhale kwa iwo, kumene kuli anthu owasamala. Agogo ankakana. Ankati mzimayi amene ali ndi mwana wamwamuna wamoyo sangakakalambire pamudzi pa mkamwini. Ine ndinkangomvetsera ndili pakhomo. Ndinazindikira msanga kuti m'mawu onse a ankhaziwo ine munalibemo, pakuti kwawo kunali kodzaza kale ndi ana. Agogo akanachoka, ine ndikanatsala kwa abambo aang'ono, m'kanyumba ka atsikana awo, ngati mlendo wosachoka.

Abambo aang'onowo ankagwira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa. Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale, anawamangira amayi awo nyumba ya njerwa zootcha, ya malata. Masiku amenewo malata sanali denga chabe. Pamisonkhano ya chipani tinkauzidwa kuti nyumba yosadontha ndiye chitukuko, ndipo tcheyamani wa m'dera lathu ankatchula mayina a mabanja amene afolera malata, anthu n'kumawomba m'manja. Agogo anavina tsiku limene analowa m'nyumbamo. Anali atatopa ndi kumweta udzu chaka ndi chaka ndiponso kupempha amuna a eni kuti adzawafolerere. Nyumba yakale, imene chiswe chinali chitadya kale mitengo yake, anaigwetsa sabata yomweyo.

Nyumba yatsopanoyo inali yokongola, koma sinawakonde agogo. Mu Okutobala masana munkatentha moti ankathawira pansi pa mango. Mu Juni munkazizira ngati panja, ndipo m'mawa malata ankatuluka thukuta, madontho n'kumagwera pabulangete. Chifuwa chinakula. Chaka chachiwiri anagonekedwa m'chipatala, ndipo atatuluka ankhazi ananena pamaso pa abale onse kuti zikadzachitikanso sadzapemphanso munthu, adzangobwera ndi ngolo n'kuwanyamula. Abambo aang'ono anavomera. Palibe amene anaganizako za nyumbayo. Onse ankati ndi ukalamba.

Ndinali Folomu 3 pa sukulu yogonera komweko ku Mzimba boma pamene tinalandira mphunzitsi watsopano wa sayansi. Anali mmodzi wa aphunzitsi a kumpoto amene boma linawabweza kwawo kuchokera ku zigawo zina, koma za zimenezi sankanena kanthu. Anali wamtali, wowonda, wokonda juzi imodzi yabulawuni. M'kachipinda kosungiramo mabuku anapeza kompyuta imene mzungu wina wodzipereka anasiya pobwerera kwawo. Aphunzitsi ena ankaopa kuigwira. Iye anaipukuta, naisokera nsalu yophimba fumbi, n'kulengeza kuti aliyense wofuna abwere Lachitatu masana, koma avule nsapato pakhomo.

Tsiku loyamba tinadzaza mpaka pawindo. Ambiri ankaganiza kuti muoneka kanema. Ataona kuti ndi zilembo zobiriwira zokhazokha pagalasi lakuda, anabwerera ku mpira, ndipo tinatsala ochepa. Ine ndinali mtsikana ndekha, ndipo ndinatsala chifukwa munali phee, komanso palibe amene ankandifunsa zambiri.

Mphunzitsiyo anali atalemba yekha kapulogalamu ka nyumba. Makinawo ankakufunsa mafunso: khoma ndi la chiyani, ndi lochindikala bwanji, denga ndi la chiyani, mawindo ndi aakulu bwanji, chitseko chaloza kuti, ndi mwezi wanji. Ukayankha ankang'ung'udza kanthawi, kenako n'kujambula mizere iwiri yoyenda kuchokera m'mawa mpaka m'mawa winawo. Mzere umodzi unali wa kutentha kwa panja, wina wa m'nyumba. Mphunzitsiyo anatiuza kuti nyumba yabwino ndi imene mizere yake yatalikirana: panja kukatentha m'kati muzizire, panja kukazizira m'kati mufunde, popanda kuwononga nkhuni zambiri.

Mnyamata wina wa ku Euthini, amene ankakonda kuseketsa anthu, anakweza dzanja.

"Sala, makinawa akudziwa bwanji za nyumba ya kwathu, poti sanafikeko?"

"Sakudziwa kanthu," anatero mphunzitsiyo. "Ndi mbuli ngati iwe. Kusiyana kwake n'kwakuti iwowa ukawapatsa masamu sapempha kupita kuchimbudzi."

Ankatiphunzitsa choncho, moseka pang'ono, akusakaniza Chingerezi ndi Chitumbuka. Magetsi akazima tinkatuluka panja n'kumamanga tinyumba ta makatoni, tina tofolera udzu, tina chidutswa cha lata, n'kulowetsamo choyezera kutentha kuti tione ngati makinawo akunena zoona. Ankati kompyuta ukaiuza bodza imakubwezera bodza lomwelo litavala tayi.

Tsiku limene tinayerekeza denga la udzu ndi la malata, mnyamata uja anafuula kuti ndiye kuti malata ndi achabechabe. Mphunzitsiyo sanaseke. Anapita kukatseka chitseko, nabwerera pang'onopang'ono.

"Muno palibe amene wanena kuti malata ndi oipa. Mwamva? Malata ndi chitukuko. Ife tikungofunsa chimene chingaikidwe pansi pake."

Tonse tinamva. Tinali ana a nthawi imeneyo, ndipo tinkadziwa kuti mawu amayenda.

Patchuthi cha Khirisimasi anatituma kuti aliyense akayeze nyumba ya kwawo. Ine ndinayeza ndi chingwe cha khonje, ndikumanga mfundo. Agogo ankandiyang'ana ali pakhonde, akusenda nyemba. Ankakonda kunditcha mkazi mnzawo, monga achitira agogo ndi adzukulu awo aakazi.

"Mkazi mnzanga, ukufuna kundilanda nyumba ndisanafe? Dikira pang'ono, ndapota."

Ndinawauza kuti ndi za kusukulu. Anati sukulu ya masiku ano yasowa zochita.

Nditalowetsa miyeso yanga mu kompyuta n'kusankha mwezi wa Juni, mizere iwiri ija inatuluka itagonerana. M'maola ozizira kwambiri, mzere wa m'nyumba unkangotsatira wa panja ngati mwana wogwira chitenje cha mayi wake. Mphunzitsi anafunsa kuti m'nyumbamo mumagona ndani, ndipo ndinamuuza. Ndinamuuzanso za chifuwa ndi za ankhazi, zinthu zimene ndinali ndisanauzepo munthu pasukulupo. Sananene mawu achisoni. Anangokoka mpando n'kuti tiyeni tiimangenso nyumbayi, poti muno kumanga n'kwaulere.

Tinayesa kuchindikalitsa makoma, ndipo mizereyo inasuntha pang'ono. Tinachepetsa mawindo, ndipo inasunthanso pang'ono. Tinatembenuza chitseko kuti chisaloze kumene kumachokera mwera, ndipo zinathandizako, koma ndinamuuza kuti zimenezo sizingatheke: kwathu zitseko zonse zimaloza ku khola la ng'ombe, ndipo njerwa sungazitembenuze. Kenako tinaika siling'i. Mizereyo inapatukana ngati anthu okangana. Anandifotokozera kuti mpweya wofunda umakwera, ukafika palata lozizira n'kutaya kufunda kwake konse, ndipo chofunika ndi kanthu kouletsa kufika kumeneko.

Siling'i ya matabwa inali ya nyumba za aphunzitsi ndi za boma. Ndinafunsa ngati mphasa zingagwire ntchito. Anati makinawo mphasa saidziwa, ndiye tiyenera kuwaphunzitsa. Lachitatu lotsatira tinatenga makatoni awiri ofolera lata. Imodzi tinaiyalira chidutswa cha mphasa pansi pa latalo n'kuikapo udzu wouma pamwamba pake, inayo tinaisiya yokha. M'katoni iliyonse tinaikamo botolo la madzi otentha, n'kumayeza mmene akuzizirira. Tinabwereza kangapo, chifukwa tsiku lina mbuzi ya a hedimasitala inadya udzuwo. Pomaliza mphunzitsi anawerengera nambala yake n'kuilowetsa, ndipo pamndandanda wa zomangira, pansi pa mawu a Chingerezi, panalembedwa mawu akuti mphasa. Anyamata anawomba m'manja ngati mnzawo wasankhidwa timu ya sukulu.

Patchuthi cha Pasaka ndinawafotokozera agogo za siling'i ya mphasa. Sanamve za mizere, ndipo sindikuganiza kuti anakhulupirira. Koma nditawakumbutsa za ngolo ya ankhazi anati ndichite, bola kuchipinda chogona kokha. Pabalaza malata azionekabe, kuti alendo akakweza maso aziona ntchito ya mwana wawo. Anatinso nkhaniyi isatuluke, chifukwa anthu akamva kuti m'nyumba ya malata muli udzu adzati abambo aang'ono analephera kumanga.

Mphasazo agogo anasinthanitsa ndi nyemba ndi tambala kwa mkulu wina woluka wa kutsidya kwa dambo. Tinkazibweretsa imodziimodzi, ngati zogonera alendo. Ine ndinakwera pamgolo n'kumangirira mawaya kuchokera khoma lina kufika lina, agogo atagwira mgolowo kwinaku akundinyoza kuti ndili ndi miyendo ngati ya kakowa. Tinayala mphasa pamawayapo, pamwamba pake udzu wouma, ndi masamba a fodya otsala kuti makoswe ndi tizilombo tisakonderemo. Siling'i yathuyo inalenjekeka pang'ono pakati, ndipo chipinda chinada. Agogo anayang'ana m'mwamba n'kuti tsopano akhala ngati nkhuku yofungatira mazira.

Chaka chimenecho chifuwa chinabwera, koma chaching'ono. Nditafika patchuthi chachikulu, kuzizira kusanathe, ndinawapeza akupeta mapira pabwalo. M'mawa bulangete linkakhala louma. Ankhazi anabwera monga mwa nthawi zonse, anawayang'ana kumaso, anawafunsa mankhwala amene akumwa, ndipo agogo anati ndi Mulungu basi. Ankhazi anabwerera ku Manyamula osatchula za ngolo. Miyezi imeneyo ndiyo ndimaikumbuka bwino kwambiri. Tinkadzuka mochedwa, tinkakangana za mchere wa m'ndiwo, ndipo ndinasiya kumvetsera kupuma kwawo ndikadzidzimuka.

Nditamuuza mphunzitsi, anagwedeza mutu kangapo n'kuti yewo chomene, kundithokoza ngati ndine ndamupatsa kanthu. Anafuna kuti ndifotokozere anzanga, koma ndinamupempha kuti asatchule kuti ndi kwathu. Ankangoti nyumba ina ya kumwera kwa boma lino.

Zimene zinachitika chaka chotsatira sindinazione ndi maso. Anandiuza pambuyo pake ndi amayi aang'ono, akazi a abambo aang'ono aja. Mu Meyi kunagwa maliro a mkulu wa mpingo m'mudzi mwathu, munthu wodziwika, ndipo anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Kasungu. Kwathu maliro akagwa, anyamata amayenda khomo ndi khomo kutolera mphasa zoti olira akhalepo ndi kugonapo, ndipo palibe amene amabisa yake. Atafika kwathu, agogo anawapatsa ya pakhonde. Anyamatawo anathokoza n'kutembenuka. Koma mkazi wa malemuyo ndi amene anakhala pambali pa agogo masiku onse a maliro a bambo anga, ndi a mayi anga omwe. Agogo anawaitananso anyamatawo, n'kuwalowetsa kuchipinda, n'kuwalozera kudenga.

Anazitsitsa zonse, udzu ukuwagwera m'maso, akuseka. Pofika madzulo nkhani inali itafika kumene kunakhala amuna. Tcheyamani, amene sankafuna kuti nthabwala imupitirire, ananena mokweza kuti waona zachilendo: ena amafolera udzu panja, koma kuno kuli nyumba yofolera udzu m'kati, malata ali pamwamba ngati chipewa cha pa Sabata. Anafunsa ngati ku Chikangawa matabwa anatha. Abambo aang'ono anali pomwepo, ndipo anali asanamvepo za mphasazo.

Maliro atatha mphasa zinabwezedwa, monga zimabwezedwera nthawi zonse. Agogo anafuna kupempha mnyamata wina kuti azikwezenso, koma abambo aang'ono anakana. Sanakalipe. Anati amayi awo sangagone pansi pa zinyalala iwo ali moyo, ndipo ngati vuto ndi siling'i, abweretsa yeniyeni, ya matabwa, lole ikangopezeka yolowera kuno. Agogo sanalimbane nawo. Anali atawachititsa kale manyazi kamodzi pamaso pa anthu.

Ine nthawiyo ndinali kukonzekera mayeso a Folomu 4, ndipo pabanja anagwirizana kuti mwana wa mayeso sauzidwa za kumudzi. Ankati akundichitira zabwino. Kuchokera ku boma kufika ku Jenda sikunali kutali. Loweruka limodzi likanandikwanira, ine ndi mgolo uja. Lachitatu lililonse ndinkapitabe kukachipinda ka kompyuta, ndipo pamene mphunzitsi ankaphunzitsa a Folomu 3, nyumba ya kumwera kwa boma ija ndiyo inali chitsanzo chake. Ndinkaona mizere yake itatalikirana bwino pagalasi, n'kumasangalala chamumtima, kunja mwera ukuwomba.

Mayeso atatha ndinatsika basi pa Jenda n'kuyenda wapansi, sutikesi ili pamutu. Ndinapeza chitseko chomangidwa ndi waya. Nkhuku za agogo zinali m'khola la amayi aang'ono. Nditamasula wayayo n'kulowa kuchipinda, ndinaona malata ali poyera, mawaya anga akulendewera, mphasa zitakulungidwa bwinobwino n'kutsamiritsidwa pakona. Bedi linalibe zofunda.

Amayi aang'ono anandipeza ndili chiimire. Anati agogo ali moyo, ndisaope. Anadwala kwambiri pakati pa Juni, anagonekedwanso, ndipo potuluka m'chipatala ankhazi sanawabweretsenso kuno.

Abambo aang'ono atabwera kumapeto kwa mwezi, ndinagwada patali pang'ono n'kuwapatsa moni. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anayamba ndi iwo.

"Mwana wanga, bwenzi utandiuza ine. Ndimagwira ntchito ya matabwa. Ukanangoti adada, nyumba ija ikufuna chakuti, mbwenu ndikanachita kalekale, anthu asanandiseke."

Ndinayankha kuti agogo anati tisanene. Anapukusa mutu n'kuti amama nawonso. Mpaka lero sindidziwa ngati akanamveradi mtsikana wa Folomu 3 wonena zimene wamva kwa makina, koma iwo ankakhulupirira kuti akanamva, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wosagona bwino.

Matabwa anafika mu Seputembala, palole yopita ku Lilongwe imene dalaivala wake anavomera kupatuka. Abambo aang'ono anakhoma siling'i nyumba yonse, pabalaza pomwe, n'kuipaka utoto woyera. Inali yowongoka, yopanda mpata. Tcheyamani anabwera kudzaona ndipo anayamikira. Kenako abambo aang'ono anatumiza uthenga ku Manyamula kuti nyumba yakonzedwa, amama abwerere. Ankhazi anayankha kuti anamva zomwezo pamene ankafolera malata, ndipo sadzaperekanso mayi wawo kuti ayeserepo nyumba.

Ndinapita ndekha kukawaona agogo. Ndinakwera basi mpaka ku boma, kenako mwana wa ankhazi anandinyamula panjinga. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa khitchini, ataonda, atafunda chitenje cha eni. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anandifunsa za mayeso, za nkhuku zawo, za mango aja ngati achita maluwa. Ndinawafotokozera za siling'i yatsopano, kuti ndi yabwino kuposa yathu ija, ndipo ndinawalonjeza kuti Juni akubwerayo sadzamva kuzizira. Ndinalankhula kwambiri tsiku limenelo, kuposa mmene ndinkalankhulira.

Anayang'ana kaye ngati pali wina pafupi.

"Kuno, mkazi mnzanga, ngakhale nkhwani ndimayamba ndapempha ndisanathyole," anatero. "Koma ana anga akangana kokwanira chifukwa cha ine. Ndikabwerera, n'kudwalanso, sadzayankhulananso mpaka kufa. Ndisiye pompano."

Ndinati sangadwale, tinayeza. Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo ankhazi anatuluka m'nyumba ndi madzi.

Ndinagona m'nyumba ya siling'i ija ndekha mpaka mvula itayamba. Munali mofunda bwino m'mawa, ndipo masana simunkatentha. Kenako mwana wamwamuna woyamba wa abambo aang'ono anakwatira, ndipo akuluakulu anaona kuti si bwino nyumba yabwino chotero muzigona mtsikana mmodzi pamene banja latsopano lilibe pokhala. Sanandithamangitse, anandifunsa mwaulemu, ndipo ndinavomera. Ndinanyamula sutikesi yanga kupita m'kanyumba ka atsikana. Agogo anakhala ku Manyamula zaka zawo zonse zotsala, ndipo ine ndinkawaona patchuthi, kwa masiku ochepa, pakakhala malo ogona.